Chipolopolo chimodzi, kuyambira puku mpaka njati

Ntchito yanga ndi yoperekeza alenje ochokera kunja m'dera lina la m'chigwa cha Luangwa, kunja kwa malire a paki ya South Luangwa, kumene boma limalola kusaka kwa amene agula chilolezo. Sabata yathayi tinali ndi bambo wina wa ku America ndi mwana wake wamwamuna wongomaliza kumene koleji. Pachilolezo chawo panali njati imodzi, puku, nswala, mbawala ndi njiri.

Atatera ku Mfuwe Lolemba masana, mfuti zawo zinalipo koma kabokosi ka zipolopolo kanatsalira m'njira. Makampani a ndege amalola makilogalamu 5 okha a zipolopolo, ndipo ambiri amafuna kuti zikhale m'bokosi lakelake lokhoma, ndiye kabokosiko kamasochera mosavuta. Bamboyo anabweretsa .416 Rigby, mwanayo 6.5 Creedmoor. Zonsezi ndi mfuti zabwino, koma zipolopolo zake mukampu mwathu munalibe, ndipo sizinthu zoti ungotuma mwana panjinga kukagula pamsika. Zimene timasunga ndi za mfuti ziwiri zobwereketsa alendo: CZ 550 ya .375 H&H ndi Brno yakale ya .30-06. Yanga ndi .458 Winchester Magnum, koma imeneyo imangolira zinthu zikavuta.

Madzulo omwewo tinapita kukayesa mfuti. Tili ndi chulu chachikulu kuseri kwa kampu, ndipo patsogolo pake timaimika katoni pamtunda wa mamita 100. Bamboyo sanavute, anaika zipolopolo zitatu malo amodzi oti ungaphimbe ndi chikhatho. Mwanayo ndiye ankaiyang'ana .375 ija mwamantha. Anazolowera Creedmoor, imene siimenya paphewa kwenikweni, pomwe .375 imakankha pafupifupi kawiri kuposa .30-06. Chipolopolo chake choyamba chinapita pansi, chakumanzere. Ndinatenga mfutiyo, n'kumupatsa msana ngati ndikuikamo china, koma ndinaibweza yopanda kanthu. Atakoka chala, mfuti inangoti khee, koma tonse tinaona: maso anatsinzina, phewa linakankhira kutsogolo, mpope n'kugwera pansi. Iye mwini anaseka. Kuchokera pamenepo ndinamuchotsa pabenchi, chifukwa munthu akakhala pansi atawerama, kukankha konse kumathera pafupa la phewa. Ndinamuimika patimitengo titatu tomanga pamodzi timene timasanjikapo mfuti kutchire. Ataimirira thupi limagonjera m'mbuyo, ndipo .375 imasanduka yofatsa, imangokankha osati kumenya. Dzuwa lisanalowe anali akulasa pakati.

Usiku pamoto mkangano unayambika, ndipo unatenga sabata yonse: munthu ataloledwa mfuti imodzi yokha moyo wake wonse, asankhe chipolopolo chanji? Bamboyo ankaikira kumbuyo .30-06. Mfundo zake zinali zomveka. Asilikali a America anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1906, chimanyamula mitu (kachitsulo kamene kamauluka kukalasa nyama) kuyambira yopepuka ya 110 grain mpaka ya 220, grain kukhala muyeso wa kulemera kwa mutuwo, ndipo palibe sitolo ya mfuti imene ingachisowe. Mwanayo ankati zonsezo n'zachikale, Creedmoor imene kampani ya Hornady inatulutsa mu 2007 imauluka mosakhota ndi mphepo ngakhale patali kwambiri. Ndinamufunsa kuti patali pake ndi pati. Kuno timasaka m'tsanya ndi m'matete a m'mphepete mwa mtsinje, ndipo nyama zambiri timaziwombera pasanakwane mamita 150. Ubwino umene umaonekera pa mamita 600 ulibe ntchito kwa ife.

Ine mbali yanga inadziwika kale, ndi ya .375. Kwa munthu wosaka nswala, ngoma ndi njiri basi, .30-06 kapena .308 Winchester n'zokwanira ndithu, n'zotchipa komanso sizilemera. Koma mukangotchula njati, mvuu kapena njovu, lamulo limafuna mutu waukulu ngati wa .375 kapena kuposa pamenepo, ndiye .30-06 yatuluka m'bwalo isanavine. Funso limatsala lakuti kodi chipolopolo chololedwa pa njati chingatsikenso kukagwira ntchito pa nyama zing'onozing'ono? Apa ndi pamene .375 H&H imasiyana ndi zinzake. Holland & Holland a ku London anachipanga mu 1912, ndi mitu itatu: 235, 270 ndi 300 grain. Wa 270 umauluka mofanana kwambiri ndi wa 180 wa .30-06, kutanthauza kuti pa mamita 200 suvutika kuwerengera kuti ukwezere pati. Wa 300, umene umalemera magalamu opitirira 19, ndi wa njati. Ndipo m'mfuti zambiri mitu yosiyanayi imagwera pafupifupi malo amodzi pa mamita 100, moti susowa kusinthasintha sikopu, galasi loyang'anira lija la pamwamba pa mfuti.

Pali chinanso chimene anthu owerenga manambala okha sachiona. Chikhokhombe cha .375, chija chosungamo wonga, n'chachitali, chimanka chicheperachepera kutsogolo, ndipo phewa lake n'lotsetsereka. Anachipanga choncho nthawi ya wonga wa cordite, umene unkakwera mphamvu kukatentha. Kuno mu October kutentha kumapitirira madigiri 40, mfuti imakhala yoti sungaigwire pachitsulo, ndipo fumbi limalowa paliponse. Chikhokhombe chotere chimalowa mosalala ndipo chimatuluka osakakamira. Njati ikamabwera, zimenezi n'zofunika kuposa liwiro lolembedwa pabokosi.

Lachiwiri linali la puku. Tinapeza yamphongo yokalamba pa dambo, nyanga zokhuthala, ikuyang'anira tiakazi take. Ndinauza mwanayo kuti mu .375 achotse soft, chipolopolo cha mutu wotambasuka ukagunda nyama, aikemo solid, cha mutu wolimba wosatambasuka. Anadabwa, chifukwa ankadziwa kuti solid ndi ya njovu. Koma mutu wa soft wa .375 ukagunda fupa la nyama yaing'ono umatha kuboola chibowo chachikulu potuluka, chikopa n'kuwonongeka. Solid simatambasuka, imangodutsa. Chofunika n'kulasa mapewa onse awiri, komanso kuonetsetsa kuti kuseri kulibe nyama ina, popeza chipolopolocho chimapitirira ulendo. Puku uja anathamanga pang'ono n'kugwa. Wosenda zikopa wathu, munthu wosachedwa kudandaula, analowetsa chala m'kabowo kolowera, n'kutembenuza nyama, n'kulowetsanso m'kotulukira. "Apa ndiye mwandipeputsira ntchito, bwana, ulusi pang'ono basi," anatero. Nswala ndi njiri zinatsatira tsiku lomwelo ndi Lachitatu, popanda nkhani yoti ndingafotokoze.

Njati ndiyo inatidya thukuta. Tinkafuna kakuli, zija nkhalamba zimene zachoka m'gulu n'kumakhala ziwiriziwiri kapena zitatu pafupi ndi matope. Mkulu wathu wolondola mapazi, amene tonse timangowatchula kuti madala, anapeza mapazi pachithaphwi m'mamawa wa Lachinayi. Anaponda ndowe ndi nsapato, n'kuona kuti pamwamba pangouma pang'ono, mkati mudakali mobiriwira. Tinatsatira mpaka dzuwa litafika paliwombo, mphepo n'kutembenuka, tinangomva mitengo ikuthyoka kutsogolo. Madala anakhala pansi, n'kutulutsa kathumba kawo ka phulusa, kugwedeza, phulusa n'kuulukira kumene njati zathawira. "Tisazikakamize, ana anga. Zigone kaye, mawa zibwera kumadzi."

Pamene tinkapuma pansi pa mvunguti, bamboyo anawafunsa kudzera mwa ine kuti iwo angasankhe chipolopolo chanji. Madala anati bambo awo ankasaka ndi gogodela, kenako anthu a boma anabwera ndi .303, ndipo njati zinkafa ndithu. Koma anawonjezera kuti zimene zinkathawa ndi bala nazonso zinali zambiri, ndipo njati yovulala ndi imene imakadikirira mayi wopita kukatunga madzi. Msikauti wa boma amene amayenda nafe nthawi zonse anangogwedeza mutu. Iyeyo ndi amene amalemba lipoti nyama ikathawa ndi bala, ndipo nyama yotero imawerengedwa pachilolezo ngati yafa.

Lachisanu tinazipeza nthawi ya m'mawa, zitatu, zikudya pang'onopang'ono cha kumatete. Tinakwawa mpaka pa mamita ngati 60. M'mfuti ndinali nditakonza motere: pamwamba soft ya 300 grain ya mtundu wolimba, pansi pake ma solid. Nthiti za njati n'zazikulu ndipo zimasanjikizana, kutsogolo kwake kuli fupa la phewa ndi chikopa chokhuthala, ndiye mutu wofewa wamba umatha kuphwanyika usanafike pamtima. Choyamba chiyenera kutambasuka koma osasweka. Zotsatira zake nthawi zambiri umawombera nyama ikuthawa, itakupatsa kumbuyo, choncho zimafunika zoboola thupi lonse. Bamboyo anasanjika mfuti patimitengo, n'kudikira mpaka yaikuluyo itatembenuka chammbali. Ndinamunong'oneza kuti akwere ndi mwendo wakutsogolo, aime pa gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi. Itagundidwa inadumpha, mwendo uli lende, n'kulowa m'matete. Anaiwomberanso kachiwiri isanabisike. Tinakhala chete, madala akusuta fodya wawo, mpaka tinamva kubuula kwakutali kumene njati imachita ikamatsirizika. Ngakhale zinali choncho tinaiyandikira chakumbuyo, mfuti zili m'manja, ndipo bamboyo anaikanso china pamsana. Yanga ija sinalire.

Posenda tinapeza mutu wa soft uja pansi pa chikopa cha mbali inayo, utatambasuka ngati bowa, wosasweka. Bamboyo anautsuka n'kuuika m'thumba la malaya. Nyama yambiri inapita kumidzi yoyandikana nafe pa galimoto ya kampu, monga zimakhalira, ndipo mchira tinausiya wa supu.

Madzulo amenewo bamboyo anayesabe kuteteza mbali yake. Anatchula 9.3x62 imene Otto Bock anapanga ku Berlin mu 1905, nati imachita zonse za .375 koma siikankha kwambiri ndipo imakwana m'mfuti yofupikirapo. N'zoona, ndipo ndimailemekeza. Vuto lake n'lakuti mutu wake ndi wocheperako pang'ono kuposa .375, ndiye m'mayiko amene lamulo limatchula nambala imeneyo, umayamba kukambirana ndi wa boma m'malo mosaka. Anatchulanso 7x57 imene mlenje wotchuka wakale dzina lake Bell anaphera njovu mazanamazana ku East Africa. Ndinamuyankha kuti Bell ankadziwa pamene pali ubongo wa njovu kuchokera mbali iliyonse, ndipo masiku ake kunalibe msikauti wolemba lipoti.

Mbawala tinaipeza Loweruka m'mawa m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mwanayo anasankha yekha .30-06 chifukwa ndi yopepuka kunyamula m'zitsamba zowirira. Sindinamuletse, pa mbawala ndi yokwanira. Masana foni inalira kuti kabokosi kaja kafika ku Mfuwe. Dalaivala anakatenga, ndipo ine ndi msikauti tinakhala pakhonde kuwerenga zipolopolo chimodzichimodzi kuti nambala igwirizane ndi yolembedwa papepala lolowetsera mfuti m'dziko, chifukwa potuluka apolisi a pabwalo la ndege amawerenganso. Bamboyo anapempha kuti awombereko .416 yake pachulu paja kamodzi kokha, kuti isabwerere kwawo osalira mu Africa. Tinamulola, ndipo msikauti anachotsera chimodzi papepala.