Zimene ndaphunzira pa usilikali wa William Slim

Pa phunziro la Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ndafika pa William Slim, amene anali mkulu wa asilikali a Britain ku Burma, dziko limene lero limatchedwa Myanmar. Anabadwira ku Bristol mu 1891, ndipo asanalowe usilikali mu 1914 anali mphunzitsi komanso kalaliki ku Birmingham. Pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse anavulazidwa ku Gallipoli (ku Turkey) mu 1915, kenako ku Mesopotamia (Iraq ya lero), ndipo nkhondo yoyambayo itatha anasamukira ku gulu lankhondo la India kukagwira ntchito ndi a Gurkha, asilikali ochokera ku Nepal.

Mu 1942 anamupatsa asilikali amene anali akugonja kale kwa Ajapani. Anawatulutsa m'Burma wapansi mpaka ku India, ambiri ali odwala ndi anjala. Apa ndi pamene ndinachedwapo kwambiri, chifukwa atapatsidwa gulu lalikulu lankhondo lotchedwa Fourteenth Army mu 1943, anaona kuti chomaliza anthu ake si chipolopolo koma malungo ndi kamwazi. Pa msilikali mmodzi wovulala, oposa 100 ankagonekedwa ndi matenda. Analamula kuti aliyense azimwa mepacrine, mankhwala oteteza ku malungo, tsiku ndi tsiku, ndipo akuluakulu a magulu amene ankachita ulesi pa lamuloli anawachotsa paudindo. Odwala malungo anayamba kuwachiritsira pafupi ndi kumene kunali nkhondo m'malo mowatumiza kutali ku India, kumene munthu ankatha miyezi asanabwerere. Ine ndikuona kuti nkhondo ya Burma anaipambanira pamenepa, mfuti zisanalire ku Imphal ndi ku Kohima, ku India pafupi ndi malire a Burma, mu 1944. Kumeneko asilikali ake atazingidwa sanathawenso. Ndege zinkawabweretsera chakudya ndi zipolopolo.

Chimene chinandikhudza mtima n'chakuti agogo athu analipo. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anali mu 11th East African Division, imene inathamangitsa Ajapani m'chigwa cha Kabaw mvula ili mkati, m'matope ndi udzudzu, mpaka kukafika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin kumapeto kwa 1944. Mabuku ambiri amangowatchula modutsa, ndipo zimandipweteka.

Mu 1945 Slim anapusitsa Ajapani kuti akulunjika ku Mandalay pamene gulu lina linkazembera ku Meiktila, ndipo pofika May Rangoon, likulu la Burma panthawiyo, inali m'manja mwa asilikali a Britain. Mu 1948 anakhala mkulu wa asilikali onse a pamtunda a Britain, kenako bwanamkubwa wamkulu wa Australia kuyambira 1953 mpaka 1960. Anamwalira mu 1970.