Ankafuna tikiti ya Nkwazi

Ofesi yathu ndi kachipinda kamodzi m'tauni ya Chipata, muli makompyuta awiri, benchi la odikira ndi sikelo pakona. Timadula matikiti a ndege, ngakhale kuti ambiri mwa makasitomala athu ndegeyo amakaikwerera kutali.

Lolemba kunabwera agogo ena ochokera ku Katete, pasipoti ili m'kapepala ka pulasitiki. Mwana wawo wawaitana ku London.

"Mwana wanga, undidulire ya Nkwazi. Zinazi sindizidziwa."

Ndinawakokera mpando, chifukwa nkhaniyi siyankhidwa choimirira. Nkwazi inali ndege ya DC-10 imene Zambia Airways inagula mu 1984, dzina lake ndi la mbalame ya pa mbendera yathu ija. Agogowo anaikwerapo popita kumaphunziro, ndipo amakumbukirabe mmene anawalandirira atsikana a kwathu konkuno m'ndegemo. Kampaniyo inayamba mu 1964 ili pansi pa Central African Airways, inadzaima payokha mu 1967 mothandizidwa ndi Alitalia, kampani ya ndege ya ku Italy, ndipo inafika pouluka mpaka ku New York. Koma mtengo wa kopa utagwa, kwacha itafooka, ngongole zinaikulira. Mu Disembala 1994 inatsekedwa.

"Nanga imene ndimamva pa wailesiyi?"

"Dzina ndi lomwelo, agogo, koma kampani ndi ina."

Yatsopanoyi inayamba kuuluka pa 1 Disembala 2021, patapita zaka 27. Boma, kudzera mu Industrial Development Corporation, lili ndi magawo 55 pa 100, ndipo 45 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Inayamba ndi ndege ya mapulopela ya Dash 8, kuchoka ku Lusaka kupita ku Ndola ndi ku Livingstone. Agogo anangoti "ooh," n'kuyang'ana pansi.

Kenako tinalowa m'masamu amene ndimachita ndi aliyense wolowa pakhomopa. Ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, basi ya m'bandakucha, kudutsa Sinda, Petauke, Nyimba, mapiri aja mpaka pa mlatho wa Luangwa, kenako ndalama yogonera. Ku Lilongwe sikufika makilomita 150, ungodutsa pa Mwami basi. Kwa munthu wa msana wotopa ngati uja, panalibe zokambirana. Ndinawadulira ya Lilongwe, Addis Ababa, London. Chondiseketsa n'chakuti ku Malawi nakonso a Ethiopian ali ndi magawo 49 m'kampani ya ndege ya dzikolo. Kaya upita kum'mawa kaya kumadzulo, mlamu wake ndi mmodzi yemweyo.

Lachiwiri magetsi anazima mpaka masana, palibe chimene chinayenda. Lachitatu ndinakhalira foni kusakira galimoto alendo awiri ofuna kukaona nyama ku South Luangwa. Mfuwe, pafupi ndi pakiyo, ndiye kumene ndege zimaterako kawirikawiri kuno kum'mawa, kampani ya ndege ya Proflight imabweretsa alendo kuchokera ku Lusaka, koma wokwera ndi amene wadzaona njovu, osati mayi wa pa msika wa Kapata.

Lachinayi agogo aja anabweranso ndi mdzukulu atasenza zikwama ziwiri kuti tiyeze. Chilichonse chisapyole makilo 23. Choyamba chinakwana bwino. Chachiwiri singano inathamanga mpaka 31. Titatsegula tinapeza nshawa zosenda, mpunga wa ku Chama, ufa woyera, ndi nyama yofutsa yokulungidwa m'nyuzipepala pansi penipeni.

"Nyamayi ku Britain sailola, agogo, akakulandani pabwalo pomwepo."

Anakana kaye, akuti mwana wawo waiitanitsa yekha. Mdzukulu ndiye anawanyengerera. Mpunga tinaugawa pawiri, wina unapita m'kachikwama ka m'manja.

Lachisanu mnzanga wa muofesi anayambitsa mkangano, akuti ife ogulitsa matikiti tiyenera kukankhira anthu ku ndege ya dziko lathu. Mtima wake ndimaumva. Munthu akapita ku Ndola kapena ku Livingstone ali kale ku Lusaka, ndimayamba kumuonetsa ya Zambia Airways. Koma sindingamutumize munthu wa ku Chadiza kuti akhale tsiku lonse m'basi chifukwa cha mbendera yojambulidwa pamchira wa ndege. Bwalo tili nalo pano pa Chipata, ngakhale ndi laling'ono. Tsiku limene ndege ya dzikoyo idzayambe kuterapo mokhazikika, pa mtengo woti mphunzitsi n'kukwanitsa, sipadzafunika wondikumbutsa.

Loweruka tinatseka 12 koloko, nditasungitsa malo a anthu anayi opita ku Johannesburg kukaoda katundu. Onse anasankha kukwerera ku Lilongwe.