Gasi wophikira uja amachokera kutali, tisamanamizane

Kuno ku Chigwa cha Shire aliyense akutiuza kuti tisiye makala tiziphikira gasi, ndipo ine ndikugwirizana nazo chifukwa mitengo ya kufupi ndi Lengwe ndi Mwabvi ikutha tikuona ndi maso. Koma pali funso limodzi lomwe sindimva anthu akufunsa, gasiyu akafika bwanji mu silinda ya mayi wa pa Nchalo kapena pa Bangula, ndipo njira yakeyo ikaduka tidzatani?

Malawi tilibe nyanja yamchere. Mafuta athu amatsika pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam kenako matankala nkuwanyamula pamsewu, ndipo gasi wophikira nayenso timachita kuitanitsa kunja. Tisanafike nkomwe ku madokowo nkhani imakhala itayamba kale panyanja. Gasi wa mu silinda amamutcha LPG, koma tatengani chitsanzo cha mnzake amene nayenso amayenda panyanja: gasi wachilengedwe amene amamutcha LNG amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke wamadzi, amachepa ka 600, ndiye amamulonga mu sitima zapadera zodula kwambiri. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a LNG yense wapadziko limadutsa pa kampata kamodzi ka panyanja ka Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman, wambiri wochokera ku Qatar. Kampata kamodzi basi!

Ndiye taonani zomwe zachitika zaka zochepa zomwezi. Mu Marichi 2021 sitima ya Ever Given inapingasa mu ngalande ya Suez masiku 6, zonse kuima. Kuyambira Novembala 2023 a Houthi aku Yemen anayamba kuombera sitima pa Red Sea, ndiye sitima zambiri zinayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo kutalika ndi masiku opitirira 10, mafuta a sitima kukwera, inshuransi kukwera, ndipo ndalama zonsezo wolipira ndi wogula wa kumapeto. Chaka chomwecho chilala chinachepetsa madzi mu ngalande ya Panama mpaka anachepetsa sitima zodutsa. Apa pafupi pomwepa ku Cabo Delgado ku Mozambique, zigawenga zitaukira tauni ya Palma mu 2021 kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi ku Afungi.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi cha 2022. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka maiko aku Ulaya anathamangira kugula LNG pa mtengo uliwonse, sitima kumatembenukira komwe kuli ndalama, Pakistan ndi Bangladesh kutsala mumdima magetsi akuzimazima. Ngati maiko aakulu chonchija anapitidwa pamzere, nanga ife amene ndalama zakunja zimatisowa mwezi ndi mwezi? Ndipo musaganize kuti amene saphikira gasi sizikumukhudza ayi. Feteleza wa Urea amapangidwa kuchokera ku gasi wachilengedwe yemweyu, ndiye gasi akakwera thumba la feteleza limakwera, mlimi wa chimanga cha kudimba ku Makhanga nkumadabwa kuti zavuta pati.

Ife a kuno kuduka kwa njira timakudziwa bwino kuposa wina aliyense. Mphepo yamkuntho ya Idai inaphwanya Beira mu 2019. Ina ya Ana mu Januwale 2022 inagumula damu la Kapichira magetsi nkuchepa dziko lonse, Freddy mu 2023 ndiye osanena, msewu wa M1 ukaduka Nsanje imakhala ngati chilumba, mchere ndi sopo zomwe kusowa mmagolosale. Nthawi ngati imeneyo silinda ikatha mayi sadikira, ana akufuna nsima, amatulutsa mbaula kuseri nkutuma mwana kukagula makala. Ndipo akabwerera ku makala kawiri katatu, silinda ija imasanduka mpando wapakhonde.

Ndiye kwa ine kukonzeka ndi zinthu zooneka ndi maso. NOCMA, kampani ya boma yoitanitsa mafuta, ili ndi nkhokwe za mafuta ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, gasi wophikira nayenso akufunika mathanki osungira okwanira milungu ingapo, ndipo ena akhale kumunsi kuno kuti Thabwa kapena Kamuzu Bridge pakavuta tisamadikire lole yochokera kumtunda. Oitanitsa asamadalire doko limodzi. Njanji ya Marka yolumikiza ku mzere wa Sena mpaka Beira ifike ku Bangula ndi kupitirira, imangidwe moganizira madzi osefukira chifukwa chaka ndi chaka amabwera ndithu. Aphungu athu a Chikwawa ndi Nsanje azifunsa zimenezi ku nyumba ya malamulo bajeti isanadutse.