Mmene ndinapezera khadi la laibulale ku Manchester ndilibe adiresi

Nyumba yomwe ndinkachita lendi itagulitsidwa, ndinayamba kugona kwa anzanga a kutchalitchi, lero uku mawa uko. Kuno ku England munthu wotere amatengedwa kuti alibe pokhala ngakhale sagona pamsewu. Chondisautsa kwambiri sichinali tulo koma adiresi, poti kubanki, kuntchito, ngakhale kwa eni nyumba zina, aliyense amafuna kalata yosonyeza komwe ukukhala. Kompyuta ndinalibe, ndipo mafomu a boma pafoni ndi chintchito.

Ndinapita ku Central Library, chinyumba chozungulira chija cha pa St Peter's Square. Kulowa n'kwaulere, palibe wokufunsa chomwe wadzera. Ndinafika pa desiki n'kunena mosabisa: "Mayi, ndikufuna khadi, koma padakali pano ndilibe adiresi yokhazikika." Sanadabwe n'komwe. Kuyambira 2017 malaibulale a khonsolo ya Manchester amalembetsa anthu osowa pokhala, mogwirizana ndi mabungwe owathandiza. Anandifunsa dzina ndi tsiku lobadwa, ndinasankha nambala yachinsinsi, khadi ndinalitenga pompo.

Apa ndikuchenjezeni. Ambirife manyazi amatichititsa kungolemba adiresi ya mnzathu paliponse. Musatero musanamupemphe. Munthu wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti pa msonkho wa khonsolo, ndipo ena pangano lawo la lendi silola kusunga munthu wina. Dzina lanu likamaoneka pa adiresi yake mungamuike m'mavuto munthu amene wakuchitirani chifundo.

Khadilo ndi lomwe limatsegula kompyuta. Intaneti ndi yaulere koma nthawi ndi yowerengeka, kusindikiza pepala kokha ndiko kolipira. Ndiye ndinkabwera nditalemberatu pakapepala zoti ndichite, ndipo pochoka ndinkaonetsetsa kuti ndatuluka mu imelo, chifukwa pampando womwewo pakhala wina.

Choyamba chinali share code, nambala yotsimikizira kuti uli ndi chilolezo chogwira ntchito kapena kuchita lendi. Makadi a BRP, omwe ankasonyeza chilolezo cha anthu ochokera kunja, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, tsopano chilolezo chokhalira m'dziko muno chili pa intaneti basi. Umalowa mu akaunti yako ya UKVI, nthambi ya boma yoona za ma viza, n'kutenga nambala yopatsa bwana kapena mwini nyumba. Ya ntchito ndi ya lendi ndi zosiyana, ndipo iliyonse imatha pakadutsa masiku 90. Chachiwiri ndinalembetsa kwa dokotala wa m'dera, GP. Ambiri sadziwa kuti malamulo a NHS, bungwe la boma la zaumoyo, salamula umboni wa adiresi kapena ziphaso polembetsa. Tsamba lonena zimenezi ndinalisindikiza n'kupita nalo m'thumba.

Chachitatu, kupempha thandizo la boma, ndicho chimafuna mutu wozizira. Lamulo la 2017, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2018, limati khonsolo ithandize munthu amene angataye pokhala m'masiku 56 akubwerawo, komanso amene wataya kale. Koma Amalawi ambiri, makamaka obwera pa viza ya sukulu kapena yosamalira okalamba, chilolezo chathu chimaletsa kulandira thandizo la ndalama za boma. Ine ndinali m'gulu lomweli. Kupempha Universal Credit, ndalama zomwe boma limathandizira ovutika, uli ndi chiletso chotere kungakuonongere viza. Wogwira ntchito mu laibulale sanayerekeze kundilangiza za malamulo, ndipo ndinamulemekeza pa chimenecho. Anandilembera koti ndipite: Citizens Advice pa nkhani ya viza ndi thandizo, Shelter pa za nyumba, ndi Booth Centre komwe anthu osowa pokhala amapeza chakudya ndi uphungu masana.

Laibulale si malo ogona, madzulo amatseka. Amene wafika pogona panja, iye mwini kapena wina womuona angadziwitse bungwe la StreetLink pa intaneti, n'kufotokoza bwinobwino malo ndi nthawi yomwe amapezekapo, kuti ogwira ntchito yoyendera anthu m'misewu akamupeze.