Injini andiikira ina, koma inu musalole afufute ma code musanajambule

Galimoto yabwerako ku galaja, injini ina ili mkati, ndipo ndikulemba mtima usanazizire kuti ndisaiwale zomwe ndadutsamo. Ndi imodzi mwa galimoto zodula zija, zazitali, zoyendera mawilo onse anayi, zomwe pa malonda amaonetsa zikukwera phiri ndi kuwoloka mtsinje. Yanga ndi ya dizilo. Kampani yake sinditchula, ngakhale wogulitsa wake. Ngati muli ndi yotere ndipo yayamba kulira mwachilendo mukailiza m'mawa, khalani pansi muwerenge.

Phokoso lake linali ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini. Limamveka injini ikangolira kumene itagona usiku wonse, kamphindi kochepa chabe, kenako zii, galimoto n'kumayenda bwinobwino tsiku lonse. Pambuyo pake kanayaka kagetsi kachikasu ka injini pa dashibodi. Tsiku lina ndikudutsa thiraki mphamvu zinangothawa, ndikaponda moto galimoto osayankha. Kompyuta yake ikaona zachilendo imadula mphamvu dala kuti injini isadzivulaze, ndiye mumangokwawa mpaka kunyumba.

Chinthu choyamba, musanaimbire aliyense: jambulani. Tengani foni m'mawa injini isanalire, yambani kujambula vidiyo, onetsani makilomita pa dashibodi, lizani injini, phokoso lilowe. Chachiwiri, gulani kachipangizo kowerengera ma code, manambala omwe kompyuta ya galimoto imalemba ikaona vuto. Galimoto zamakono zili ndi soketi ya OBD-II, ya mabowo 16, nthawi zambiri kunsi kwa chiwongolero. Ku America inakhala lamulo kuyambira 1996, ku Ulaya galimoto za petulo zinatsatira mu 2001 ndipo za dizilo mu 2004, ndiye yanu ilinayo ndithu. Mumalowetsa kachipangizoko, kamalumikizana ndi foni, ma code n'kuoneka. Kwa ine inatuluka P0016. Code imeneyi imatanthauza kuti crankshaft (chitsulo chozunguzidwa ndi mapisitoni) ndi camshaft (chotsegula ndi kutseka mavavu) sizikuyendera limodzi monga zimayenera, ndipo nthawi zambiri chala chimaloza tcheni cha timing, chomwe chimalumikiza ziwirizi. Ndinajambula sikirini ya foni, tsiku likuoneka pamwamba.

Tsopano tsiku lomwe limandikwiyitsabe. Ndinapangana nawo a galaja ya wogulitsa, ndinafika m'mamawa, ndinafotokoza zonse kwa mnyamata wa pakauntala, wa taye wake waudongo. Ndinamuuza momveka kuti phokoso limamveka injini ili yozizira basi. Anagwedeza mutu, akulemba pa kompyuta. "Musadandaule bwana, tiiona." Anandikhazika m'chipinda cha magalasi, mipando yofewa, ma TV akuonetsa galimoto yofanana ndi yanga ikudumpha milu ya mchenga m'chipululu. Kudzera pagalasi ndimaiona yanga ili phee pabwalo, dzuwa likuwomba, palibe woikhudza. Masana anadutsa. Ndikafunsa, akuti makina oyezera ali pa galimoto ina. Chakumadzulo ndi pomwe anailowetsa, ndipo woilowetsa anailiza osamvetsera n'komwe, n'kuisiya ikulira pamene amasaka chingwe. Injini inali itatentha kale. Phokoso lichokera kuti?

Anandipatsa pepala lonena kuti sanapeze vuto lililonse, asintha pulogalamu ya kompyuta, afufuta ma code. Pansi pake ndalama yoti ndilipire chifukwa chondiyezera. Ndinafunsa kuti ndikulipirira chiyani, popeza sanapeze kanthu. Yankho linali loti ndikulipira nthawi ya makina. Komanso galimoto ili pa waranti, koma akuti waranti imalipira kuyeza pokhapokha vuto lapezeka. Ndiye taonani mmene masamu ake akhalira: akapeza vuto amalipidwa ndi kampani, akapanda kupeza amalipidwa ndi ine, ndipo tsiku langa lonse la ntchito palibe wolilipira. Ndalamayo siinali yoti n'kugwetsa munthu amene anakwanitsa kugula galimoto yotere, ayi. Chondiwawa chinali kufufutako. Code ikalembedwa, kompyuta imasunganso chithunzithunzi cha nthawi imeneyo: injini imazungulira liwiro lanji, inali yotentha bwanji, galimoto imathamanga bwanji. Ukafufuta code, zonsezo zimapita limodzi. Umboni wanga anausesa, ine n'kuwalipira chifukwa chousesa.

Musalole afufute ma code musanajambule. Auzeni akusindikizireni lipoti lonse la makina awo asanakhudze batani lililonse, ndipo werengani job card, pepala lomwe amalembapo ntchito yomwe mwabweretsa, musanasayine. Pa yanga mnyamata uja anali atalemba kuti kasitomala wabwera kudzayezetsa, basi. Za phokoso, za kuzizira, za kutha mphamvu, osalemba. Ndinakana kusayina mpaka analemba ndi cholembera mawu anga enieni, n'kudindapo. Anandiyang'ana ngati ndine wovuta. Mzere umodzi umenewo ndi umene unadzandiwombola.

Ndidumphe pang'ono, ndifotokoze chomwe chimadya injini zoterezi, chifukwa ine anandifotokozera ndi makaniko wapadera, osati a kwa wogulitsa. Galimoto za dizilo zamakono zili ndi sefa ya mwaye m'paipi ya utsi, yotchedwa DPF. Inafala kwambiri malamulo a utsi a Euro 5 atayamba mu 2009. Sefayi ikadzaza, imayenera kuwotcha mwaye uja pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600, ndipo kuti ifike pamenepo injini zambiri zimapopera dizilo woonjezera m'masilinda mochedwerako, kuti akapse kutsogolo ku paipi. Pa ulendo wautali ntchitoyi imatha bwino. Koma mukamayenda timaulendo tatifupi, kuima ndi kunyamuka m'tauni, mumazimitsa injini kuwotcha kusanathe. Mawa iyambiranso. Dizilo wina amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo. Oyilo uja amasanduka wamadzimadzi, mphamvu yake yotereretsa zitsulo imachepa. Tcheni chimayamba kudyeka m'mfundo zake n'kutalika. Chomwe chimakoka tcheni kuti chikhale cholimba chimadalira mphamvu ya oyilo yemweyo, n'chifukwa chake phokoso limamveka m'mawa oyilo asanakwere. Timapulasitiki tomwe tcheni chimatsetserekapo timathyoka, zidutswa zake n'kukatseka kasefa komwe pampu imakokera oyilo pansi. Turbo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, nayo imamwa oyilo yemweyo.

Makanikoyo anakoka ndodo yoyezera oyilo, anandinunkhitsa. Dizilo weniweni. Ndipo oyilo anali atakwera kudutsa chizindikiro chapamwamba. "Achimwene, injini ikamachulukitsa yokha oyilo musasangalale," anatero. Galimoto zina zamtunduwu zilibe n'komwe ndodoyo, mumaonera pa sikirini, ndiye kununkhiza sikutheka mpaka mutatsegula pansi.

Apa ndiye pali chinthu china chomwe muchite msanga: tengani oyilo pang'ono m'kabotolo kaukhondo a galaja asanamukhuthule. Lembanipo tsiku, makilomita ndi nambala ya chasisi yotchedwa VIN, ya zilembo ndi manambala 17. Tumizani ku labotale yoyeza oyilo. Amakuuzani kuchuluka kwa dizilo amene walowamo, ndi tizitsulo tomwe tikuyandama mkati, ayironi, kopa, aluminiyamu. Oyilo akangothiridwa mu diramu la galaja limodzi ndi wa galimoto zina, mwataya mboni.

Tibwerere. Nditachoka kwa wogulitsa tsiku lija kagetsi kanali katazima, inde, poti anafufuta. Sipanatenge nthawi kanayakanso. Ndinalemba imelo, ndinaphatikiza vidiyo, anandipatsa tsiku lakutali kuti galaja yadzaza, ndipo anandiuza pa foni kuti galimoto ndingathe kumayendabe nayo pang'onopang'ono. Ndinati mundilembere zimenezo. Analemba, mwamwayi. Tsiku lomwe anandipatsalo lisanafike tcheni chinadumpha mano. Sikunali kuphulika kwa mtundu wina uliwonse, kunangomveka gu, kenako injini zii, chiwongolero n'kulemera. Injini zimenezi mavavu ndi mapisitoni zimagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ndiye nthawi ikasokonekera zimagundana. Musayesenso kuiliza. Itanani bulekidauni yonyamula galimoto yonse pamwamba, osati yokoka ndi chingwe, chifukwa galimoto yoyendera mawilo onse ndi giyabokosi ya otomatiki ikakokedwa mawilo ali pansi mumaononganso zina.

Za waranti tsopano. Wogulitsa si amene amavomereza, iye amangotumiza pempho kwa opanga galimoto. Ndiye musamangodikira foni ya pakauntala. Imbirani ofesi ya makasitomala ya kampani yeniyeniyo, tsegulitsani dandaulo, akupatseni nambala yake, ndipo nambala imeneyo muziilemba pamutu pa imelo iliyonse. Mukalankhula pa foni, lembani imelo tsiku lomwelo yobwereza zomwe mwagwirizana. Anthu a m'maofesi amenewa amasinthasintha, aliyense watsopano amafuna muyambirenso nkhani kuchokera pa chiyambi.

Asanamasule injini adzakupatsani pepala loti musayine, lonena kuti kampani ikakana pempho ndalama yomasulira ndi yanu. Funsani kuti ndi maola angati, alembe. Pa injini yanga tcheni chili kumbuyo, mbali ya giyabokosi, ndiye kuti uchione n'kofunika kutsitsa zinthu zambiri. Si ntchito ya masana amodzi. Auzeninso kuti chilichonse chomwe achotse asataye, achisunge m'katoni ya dzina lanu, ndipo pitani mukajambule nokha. Ine ndinapita. Pa benchi panali mavavu opindika, pisitoni imodzi ili ndi zipsera ziwiri zooneka ngati mwezi pamwamba pake, ndi kasefa ka pampu kodzaza tizidutswa ta pulasitiki yofiirira.

Yankho loyamba la kampani linali kukana. Zifukwa ziwiri. Choyamba akuti ndinapitiriza kuyendetsa galimoto ili ndi vuto osanena. Chachiwiri akuti kayendetsedwe kanga ka maulendo afupiafupi sikoyenera galimoto ya dizilo. Chachiwirichi chinandiseketsa mokwiya. Pogula palibe anandifunsa kuti ndimayenda mtunda wotani pa tsiku. Anandionetsa mipando yachikopa, batani la matope, batani la mchenga, batani la miyala. Palibe ananena kuti galimoto yowoloka mitsinje imadwala ikamangopita ku ntchito ndi kubwerera. Ndipo nthawi yosinthira oyilo ndimatsata yomwe iwo eni analemba m'buku lawo, yaitali ija, yomwe imaoneka bwino pogulitsa chifukwa imaonetsa ngati galimoto siidya ndalama.

Choyamba chija ndi pomwe job card inagwira ntchito. M'kompyuta yawo tsiku lija linalembedwa kuti palibe vuto, ndiye kwa iwo ndinali ndisananenepo kanthu. Ndinatumiza chithunzi cha pepala lolembedwa pamanja lija ndi chidindo chawo, vidiyo ya m'mawa, sikirini ya P0016 yokhala ndi tsiku la m'mbuyo, imelo yawo yondiuza kuti ndiziyendabe, ndi zotsatira za labotale. Ndikanakhala ndi lipoti la makina awo lisanafufutidwe, mkangano wonsewu sukanakhalapo. Ndikubwereza dala: ma code asafufutidwe musanajambule.

Ndaiwala za malisiti. Adzafuna mbiri yonse ya sevisi, ndipo sayang'ana tsiku lokha. Amayang'ana mtundu wa oyilo. Injini yokhala ndi DPF imafuna oyilo wa phulusa lochepa, wa gulu la ACEA C, ndipo makampani ambiri ali ndi nambala zawozawo za oyilo wovomerezeka. Lisiti longolemba kuti oyilo malita akutiakuti silikuthandizani. Ngati munapangitsapo sevisi kwina, bwererani akulembereni dzina ndi nambala ya oyilo amene anathira, pamodzi ndi makilomita.

Atalandira zonsezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anavomera. Sanalembe kuti injini inali ndi vuto, ayi. Analemba kuti akundithandiza mwa chifundo chawo monga kasitomala wofunika. Ndinangoti chabwino, chitchuleni mmene mukufunira bola injini ilowe. Ngati waranti yanu inatha, thandizo lotere limapemphekabe, nthawi zina amapereka zipangizo inu n'kulipira amakaniko, koma salengeza, mumachita kufunsa.

Kudikira injini ndi nkhani ina, sindikhalitsapo. Pemphani galimoto yobwereka tsiku lomwe atsegula dandaulo, chifukwa zimakhala zochepa ndipo mzere wake ndi wautali. Yomwe anandipatsa ine inali kagalimoto kakang'ono ka petulo, ndipo sikanayatsepo getsi ngakhale limodzi.

Potenga galimoto musathamangire makiyi. Funsani ngati injini ndi yatsopano kapena yokonzedwanso ku fakitale, ndipo alembe. Funsani ngati asintha turbo, choziziritsira oyilo ndi mapaipi ake, chifukwa tizitsulo ta injini yakale timabisala m'menemo n'kudzalowa mu yatsopano. Kwa ine choziziritsira oyilo sichinali pa mndandanda mpaka nditafunsa. Funsani ngati tcheni ndi zokokera zake ndi za mtundu wokonzedwa kapena ndi zomwezija zakale. Alembe waranti ya injini yatsopanoyo, kuti iyamba liti ndipo itha liti. Nambala ya injini yasintha, ndiye tengani kalata yotsimikizira kusinthako kuti mapepala a galimoto ndi a inshuwalansi akonzedwe. Ndipo pemphani kuti muitenge m'mawa, asanailize, muilize nokha ili yozizira.

Panopa oyilo ndikusintha pa theka la mtunda womwe buku limanena, ndi ndalama zanga. Ndikaona kuti injini ikulira mokwera pang'ono ili chiimire, fani ikupuma mwamphamvu ndipo kunsi kukumveka fungo la kutentha, ndimadziwa kuti DPF ikuwotcha, sindizimitsa, ndimazungulira kaye mpaka ithe. Tangoganizani, kuwotcha dizilo popanda kopita kuti galimoto yodula chonchi isadzidye yokha. Ndalama ya kuyeza ija ndinalemba kalata yoti andibwezere, popeza vuto lomwe anati kulibe ndi lomwe linapha injini. Anandiyankha kuti nkhaniyo ili ku ofesi ina, ndipo ofesi inayo ikufuna ndiwatumizirenso lisiti lomwe anandipatsa iwo omwe.