3 Febuluwale: chitini cha azakhali ku Domwe

Lero kunalibe ntchito poti ndi tsiku la ngwazi kuno ku Mozambique, ndiye ndinalawirira kukwera chapa, minibasi ya kuno, pa Ulongwe kupita ku Domwe kwa azakhali. Mvula inachezera usiku wonse, msewu unali matope okhaokha, moti tinatsika kawiri kukankha galimoto.

Pamaliro mwezi watha azakhali anandinong'oneza kuti ali ndi chitini cha makobidi akale, ndipo akufuna chikhale m'manja mwanga asanatsikire kuli chete. Abale onse amadziwa kuti ine ndimatolera ndalama zachitsulo, makamaka zokhala ndi nkhope za atsogoleri.

Titadya mondokwa wowotcha, analowa kuchipinda n'kutulukako ndi chitinicho chitakulungidwa m'chitenje chakuda ndi utsi. Anakhuthulira pamphasa. Nkhope yoyamba kundiyang'ana inali ya Kamuzu, yachiwiri Kamuzu, yachitatunso yemweyo.

"Zonsezi n'za ku Dedza, mwana wa achimwene," anatero. "Nkhuni zimenezo, maganyu amenewo."

Anathawira kumeneko nkhondo itafika povuta kuno ku Angonia, ndipo anabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Nditafunsa chifukwa chake sanazidye, anati ankaopa kuti mfuti zingayambirenso, ndiye ankafuna kukhala ndi kogulira ufa akawolokanso malire. Zaka zonsezi chitinichi chakhala chikudikira ulendo umene, Mulungu ngwabwino, sunachitike. Ndinakhala chete kanthawi ndithu.

Kenako ndinayamba kusanja. Yakale kwambiri ya ku Malawi inali ya masheleni awiri ya 1964, chaka cha ufulu wawo, kuseri kwake kuli njovu ndi mwana wake. Nditaiika pambali pa 20 tambala ya 1971, chaka chimene kwacha inayamba, njovu zake n'zomwezo. Sheleni nayo ili ndi zisononkho za chimanga zimene zinadzabweranso pa 10 tambala. Tsitsi la Kamuzu pa ya 1964 ija linafufutika n'kugwiridwa, pangotsala mphumi ndi mphuno. Munalinso 10 ngwee imodzi ya Kaunda ya 1968, imene malemu amuna awo anabwera nayo kuchokera ku minda ya fodya ku Chipata. Maeskudo a Apwitikizi analimo angapo, ndi mametikali oyambirira okhala ndi chizindikiro cha khasu, mfuti ndi buku.

Apa m'pamene mtima unandipweteka. Pamphasa yonseyo panalibe nkhope ya Mmozambiki ndi mmodzi yemwe. Metikali inalowa m'malo mwa eskudo pa 16 Juni 1980, tsiku lokumbukira anthu amene anaphedwa ku Mueda mu 1960, koma ngwazi zathu tinaziika pa mapepala. Eduardo Mondlane, mtsogoleri woyamba wa Frelimo, anali pa pepala la mametikali 100, ndipo Samora Machel, pulezidenti wathu woyamba, ali pa mapepala onse kuyambira 2006 pamene anachotsa mazilo atatu. Pa zitsulo za chaka chimenecho pali chipembere, thirakitala, thonje, timbila (mangolongondo a Achopi), nsomba, mtsikana akulemba. N'zokongola, sindikukana. Koma pepala likakhala kudenga chiswe ndi chinyontho zimalimaliza, pomwe chitsulo chimapirira zaka makumi m'chitini ngati ichi.

Chilipo chitsulo cha Samora, ndipo ndicho ndimachilota. Mu 1975, chaka cha ufulu, anasula makobidi a ndalama yotchedwa metica okhala ndi mutu wake, koma sanawatulutse kuti anthu azigulira zinthu. Ine ndinangowaonapo pa chithunzi pa intaneti. Ndinawaonetsa azakhali pafoni, iwo n'kuyandikitsa kumaso, n'kunena kuti ndevuzo ndi zake ndithu.

Mdzukulu wawo wa sitandade 6 anafunsa chifukwa chake tchuthi chili lero. Ndinamuuza kuti pa 3 Febuluwale 1969 Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi ku Dar es Salaam. Ndinatulutsanso K500 imene inanditsalira nditapita kumsika wa Lizulu, n'kumuonetsa John Chilembwe, amene anaphedwa pa 3 Febuluwale pomwepo, mu 1915, akuthawira chakuno ku Mozambique. Mwanayo anadabwa kuti m'buku la kusukulu mulibe zimenezo. Ndinaona kuti chinthu chogwirika m'manja chimamufunsitsa mafunso amene bolodi silimufunsitsa. Ndikanakonda a Banco de Moçambique, banki yathu yaikulu, akanasula khobidi loyenda m'misika lokumbukira anthu a ku Wiriyamu, amene asilikali a Apwitikizi anawapha pa 16 Disembala 1972 m'chigawo chathu chomwe chino. Mwana wa ku Tete akanalilandira ngati chenji pogula mandasi, akanafunsa kuti Wiriyamu n'kuti.

Tili mkati mocheza, ndinangomva kukwecha kuseri kwa nkhokwe. Mnyamata uja anali atatenga 10 ngwee ya Kaunda akuitsuka ndi phulusa ndi mchenga kuti andisangalatse. Ndinathamanga, koma tsaya linali litakalika kale. Sindinamukalipire. Ndinamufotokozera kuti khobidi lakale sitikwecha, kuda kwakeko ndiwo msinkhu wake, ndipo likachita dothi timangoviika m'madzi n'kupukuta ndi kansalu kofewa.

Potsanzikana, ndikumanga chitini, azakhali anati ndidikire. Anapisamo dzanja, n'kufufuza mpaka anapeza 10 tambala ina yopindika m'mphepete.

"Iyi yokha isiyeni, bambo. Ndi ya mtolo woyamba wa nkhuni umene ndinagulitsa ku Dedza. Mudzaitenga tsiku lake."

Anaimangirira pamfundo ya chitenje. Ndafika ku Ulongwe kutada, magetsi atazima, ndipo ndawerengera pa kandulo: makobidi 47. Ndaika lililonse m'kaenvulopu kake, n'kulembapo dziko, chaka, ndi mawu amene azakhali ananena pa ilo. Maenvulopu anandithera pa la 30, otsalawo agona m'chitini momwemo.