Tamangirira bwato ku Simon's Town, zikomo nonse

Dzulo m'mawa tinamangirira bwato lathu padoko la Simon's Town. Chatha chaka chathunthu ine ndi mayi akunyumba tikukhala m'bwato la matanga lotalika mamita 10, kugona momwemo, kuphika momwemo, uku tikutsetsereka pang'onopang'ono m'mbali mwa gombe la South Africa kuchokera ku Richards Bay. Anthu oti ndiwathokoze ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo nkhope zawo sindinazione n'komwe, ndimangodziwa mawu awo a pa wailesi.

Ndiyambe ndi inu achikulire a padoko la Durban. Munandipeza ndikumasula zingwe, dzuwa likuwala, nyanja ili zii, ndipo munangondifunsa kuti, "Mwana wanga, barometer yako waiyang'ana lero?" Ndinali ndisanaiyang'ane. Barometer ndi chida choyezera kupanikizika kwa mpweya, ndipo ikamatsika imachenjeza za nyengo yoipa. Inali ikutsika. Munakhala pansi m'bwato mwathu, n'kutambasula mapu a panyanja pathebulo, n'kuyamba kulondola ndi chala chanu chokakala chija. Apa ndi pamene ndinamvetsa za Agulhas, madzi amene amayenda ngati mtsinje waukulu m'kati mwa nyanja kulowera kumwera chakumadzulo, malo ena pa liwiro loposa ma knot 4, kutanthauza mamailosi a panyanja 4 pa ola. Mphepo ikakhala kumbuyo kwako, madzi amenewa amakunyamula ngati mwana kumsana. Koma ikatembenuka n'kuchokera kumwera chakumadzulo, imawombana nawo maso ndi maso, mafunde n'kuimirira ngati zipupa. Kuchokera ku Durban kukafika ku East London ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 250, ndipo pakati ponsepo palibe doko loti n'kuthawirapo. Munandikumbutsa za sitima ya Waratah imene inasowa m'dera lomweli mu 1909 ndi anthu 211, ndi ya Oceanos imene inamira mu 1991 pafupi ndi Coffee Bay, ngakhale kuti anthu onse anapulumutsidwa. Zimenezo zinali sitima zikuluzikulu zachitsulo, nanga kabwato kathu?

Ndinamanganso zingwe, koma mumtima ndikunyinyirika. Usiku wa tsiku lotsatira mphepo ija inafikadi. Tili m'doko momwemo, zingwe za mlongoti zinkalira mluzu, bwato likugwedezeka mpaka makapu kugwa m'kabati. Ndinawerengetsa pamene tikanakhala pa ola limenelo, n'kupeza kuti tikanakhala pakati penipeni pa gombe lopanda doko lija. Mawu a akulu akoma akagonera. Tinadikira masiku 19 kuti nyengo yabwino itseguke, ndipo tsiku lililonse munkabwera kudzationetsa kawerengedwe ka malipoti a zanyengo. Munatiuzanso kuti mphepo yoipa ikatipeza panjira, tisunthire chakugombe, m'kati mwa mzere umene mapu amasonyeza kuya kwa mamita 200, kumene madzi aja amachepa mphamvu. Achikulire, munatipatsa moyo, ndipo simunalandire kanthu.

Ku East London kuli mnyamata wina wokonza mainjini amene anatipatsa impeller, kagudumu kalabala kokwana m'chikhatho, akuti tingosunga. Ndinkaona ngati akungotichitira ulemu. Titadutsa ku Gqeberha, usiku wina chakufupi ndi Cape St Francis, mphepo inatha, matanga ali lende, ndipo tinaliza injini. Patapita ola limodzi mayi anati kulira kwake kwasintha. Ndinasuzumira kumbuyo ndi tochi, ndipo paipi yotulutsa utsi inali youma, madzi osalavula. Injini ya bwato imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja, ndipo amene amawakoka ndi kagudumu kameneka. Ndinathimitsa msanga, n'kugwada m'kachipinda kotentha kaja, n'kumasula timabawuti ta pampu. Kagudumu kakale kanatuluka kali ndi mapiko awiri okha, ena onse atathothoka. Kuika katsopano sikunavute. Chimene chinandidyera maola atatu ndi kufunafuna tizidutswa ta labala m'mapaipi, chifukwa ukasiyamo ngakhale kamodzi kamatseka njira ya madzi. Ndinatiyala pansalu kamodzikamodzi, kuwerenga mpaka mapiko onse atakwana. Achimwene, kagudumu kanu kaja ndi kamene katifikitsa kuno.

Usiku womwewo nyanja inali mbee ndi magetsi a mabwato a asodzi a chokka, tinyama ta m'nyanja ta miyendo yambiri (squid), amene amakopa nyamazi ndi nyali zowala kwambiri. Ife tinkangotengeka, opanda mphepo, opanda injini. Ndinaitana pa wailesi ya VHF, pa channel 16 yoitanirana ndi yodziwitsira za ngozi, kudziwitsa oyandikana nafe kuti sitingathe kupatuka. Woyendetsa bwato lina anayankha, n'kutisamutsira pa channel ina kuti 16 ikhale yotseguka, ndipo theka la ola lililonse ankafunsa ngati zikutheka. Injini itadzuka, madzi n'kuyamba kulavula, anangoti muyende bwino. Dzina lanu sindinalifunse, bambo, koma mawu anu ndingawazindikire paliponse. Ndithokozenso anthu a NSRI, gulu lopulumutsa anthu panyanja limene lakhalapo kuyambira mu 1967, amene amagwira ntchitoyi modzipereka osalipidwa. Sitinawaitane, koma kungodziwa kuti alipo kunkatikhazika mtima pansi.

Tsopano inu mayi. Anthu amaona zithunzi za dzuwa likulowa n'kumati tikudyerera, koma moyo wa m'bwato mukuudziwa ndinu. Madzi akumwa owerengera, kusamba ndi kabeseni, zofunda zosauma bwino chifukwa cha mchere, magetsi odalira sola, moti kukachita mitambo masiku awiri timayamba kuthimitsa china chilichonse kuti batire itsalire nyali za mlongoti ndi wailesi. Munasanza masiku awiri oyamba, komabe nthawi yanu yolondera ikakwana munkadzuka, kuvala jekete lopulumutsira moyo, kudzikoloweka ndi lamba ku bwato, n'kugwira chiwongolero kuti ine ndigone. Ku Mossel Bay, nangula atayamba kukhukhuluzika pakati pa usiku, ndinu munamva tcheni chikukwekwesa pansi ine ndili mtulo tofa nato. Tinaponyanso nangula, n'kumasula tcheni chotalika kasanu kuya kwa madzi, monga tinayenera kuchitira poyamba. Simunandinene ngakhale liwu limodzi. Zikomo, mayi.

Ana athu ndi abale, tikudziwa kuti munkagona ndi foni kumutu. Pepani chifukwa cha masiku amene tinali zii kopanda netiweki, ndipo zikomo chifukwa cha mapemphero anu.

Cape Agulhas, nsonga ya kumwera kwenikweni kwa Africa, tinaidutsa m'bandakucha. Nyali ya pansanja yake, imene yakhala ikuwunikira oyenda panyanja kuyambira mu 1849, inkathwanima kudzanja lathu lamanja. Manambala a pa GPS atafika pa madigiri 20 kummawa, pamene Indian Ocean imathera ndi Atlantic kuyambira, mayi anandigwira dzanja, tonse misozi ili chuchuchu.

Tikhala pano milungu ingapo. Thanga lakutsogolo lasosoka msoko ndipo likufunika kusokedwa, pansi pa bwato pamera ndere zofunika kupala. Ndagula kale ma impeller awiri, imodzi yathu, inayo ya aliyense amene adzamangirire pafupi nafe alibe yosungira. Achikulire a ku Durban, mapu anu aja tawasunga bwino m'pulasitiki, ndipo tiwatumiza ndi bwato loyamba lopita kumeneko.